Wasiya kuyamwa koma sanakule: kusamala thupi la mwana wa zaka 3 mpaka 5

Pali msinkhu wina umene mwana amatisowa ali pakhomo pomwepo. Akadali kumsana timamudziwa bwino lomwe: tsiku la sikelo silitidutsa, akatemera timawawerenga ndi zala, thupi likangofunda pang'ono tanyamuka kale. Akadzayamba Sitandade 1, aphunzitsi amatithandiza kumuyang'ana. Koma pakatipa, kuyambira zaka 3 kufika 5, makamaka pakhomo pakabwera khanda lina, mwana uja timamukuza ndi pakamwa. "Ndiwe wamkulu iwe, usalire." Buku lake lasikelo limatsikira pansi pa sutikesi, nsima amalimbirana m'mbale imodzi ndi achimwene ake a zaka 10, ndipo poti akuyenda yekha n'kumayankhula, tonse timangoti ali bwino.

Ine ndimathandiza kuphika phala ndi kuyang'anira ana pasukulu ina ya mkombaphala kuno ku Zomba, ndipo anga omwe anadutsa msinkhu umenewu. Ana amene amandidetsa nkhawa ambiri makolo awo amawakonda ndithu. Chimene chinachitika n'choti anasiya kuwayeza, n'kuyamba kudalira diso. Koma mwana amene umamuona tsiku ndi tsiku sungadziwe kuti waima kukula, monganso sungaone chimanga chikutalika utaima m'munda. Ndiye nazi zimene ndimauza makolo anzanga, mwa ndondomeko yake.

Choyamba, fukulani buku lasikelo

Sikelo ndi ya mwana aliyense amene sanakwane zaka 5. Ambiri timaisiya katemera akangotha, ngati kuti tinkapitira jakisoni yekha. Pitani naye kuchipatala chaching'ono chimene muli nacho pafupi, kaya ku Matawale, ku Domasi, ku Thondwe kapena kumene alangizi a zaumoyo amabwera ndi sikelo m'mudzi mwanu, ndipo mupemphe kuti amuyeze zinthu zitatu: kulemera, msinkhu ndi mkono. Musachoke asanakuonetseni pamene kadontho kake kagwera patchati.

Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwa ana 100 aliwonse osakwana zaka 5 m'Malawi muno, 37 anali opinimbira, kutanthauza kuti ndi aafupi poyerekeza ndi zaka zawo. Owonda kwambiri anali 3, ndipo onenepa mopitirira muyezo anali 5. Taonani kusiyana kwake. Vuto lathu lalikulu ndi lija losaoneka, chifukwa mwana wopinimbira amangooneka ngati wamng'ono wathanzi. Wa zaka 4 amafanana ndi wa zaka 3, ndipo poti anzake ambiri m'mudzimo ndi otero, palibe amene amadabwa. Timati watengera agogo ake.

Kuti mukhale ndi poyambira, miyezo ya bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO imaonetsa kuti mwana wapakatikati wa zaka 3 amalemera makilogalamu pafupifupi 14 ndipo amatalika masentimita 95 kapena 96. Pa zaka 4 amafika makilogalamu 16 ndi masentimita 103. Pa zaka 5 ndi makilogalamu 18 ndi masentimita pafupifupi 110. Wanu akapereweza pang'ono kapena kupitirira pang'ono musataye mtima, ana sabadwa ofanana. Chofunika kwambiri ndi njira imene mzere wake ukulowera. Pamsinkhu umenewu mwana amawonjezera makilogalamu pafupifupi 2 ndi masentimita 6 kapena 7 pachaka. Mzere ukamakwera, zili bwino. Ukagona chopingasa miyezi iwiri kapena itatu, kapena ukatsika, funsani msanga.

Kunyumba sankhani khoma limodzi kapena felemu la chitseko. Mwana aime wopanda nsapato, zidendene ndi mutu zigunde khoma, muike buku pamutu pake n'kulemba kamzere ndi tsiku. Bwerezani pakatha miyezi itatu iliyonse. Ana amaikonda ntchito imeneyi, ndipo amakukumbutsani okha.

Za mkono: alangizi ali ndi kalamba kamitundu itatu kamene amazunguliza pakati pa mkono wa kumtunda. Kakasonyeza pobiriwira, ndiye kuti mkono wapitirira masentimita 12.5. Pachikasu ndi pakati pa 11.5 ndi 12.5, mwana wayamba kunyentchera. Pofiira ndi pansi pa 11.5, ndipo ameneyo amafunika thandizo lachipatala tsiku lomwelo, kumene amapereka chiponde. Chiponde ndi mankhwala a mwana wodwalayo, chonde musagawire abale ake ngakhale akulilira.

Chachiwiri, phunzirani kusiyanitsa mnofu, mafuta ndi kutupa

Kwathu kuno mwana wamasaya timamuyamikira. "Koma ndiye mukudyetsa!" Nawo mayi amayenda monyadira. Ndikumvetsa kumene izi zinachokera, pakuti tinaona njala ndipo tikudziwa mmene mwana wowonda amamvetsera chisoni. Komabe sikelo imangotiuza kulemera, siitiuza chimene chikulemeracho. Thupi lili ndi mafupa, minofu, mafuta ndi madzi. Ana awiri akhoza kulemera makilogalamu 16 onse, wina n'kukhala wolimba miyendo wokwera mtengo wa gwafa ngati gologolo, mnzake n'kumapuma wefuwefu akangothamanga kuchoka pakhonde kufika pampanda.

Dziwaninso ichi, makamaka inu agogo: mwana akadutsa chaka chimodzi, mafuta a ukhanda amayamba kuchepa pang'onopang'ono mpaka zaka 5 kapena 6. Miyendo imatalika, khosi limaoneka, kamimba kaja kamalowa. Ameneyo sakudwala, akukula mwachilengedwe. Ndaonapo ana akuthiridwa shuga wambiri m'phala ndi kugulidwira zokazinga tsiku lililonse chifukwa choti "watha thupi", pamene mzere wake wasikelo unkakwera bwinobwino.

Zoyenera kuopa ndi zina. Mapazi onse awiri akatupa, dinikizani ndi zala zanu zazikulu pamwamba pa mapaziwo, muwerenge mpaka katatu pang'onopang'ono, n'kuchotsa. Pakatsala tizenje, kumeneko ndi kutupikana kobwera ndi kunyentchera koopsa, ngakhale nkhope ikuoneka yonenepa. Musadikire kuti kuche kawiri. Tsitsi lofiirira, lopyapyala, losavuta kuzuka, khungu losupuka, matako okwinyika ngati thumba lopanda kanthu, mwana wongokhala duu osafuna kusewera: zonsezi n'zopita nazo kuchipatala.

Mutembenuzeninso zikhatho ndi kuyang'ana mkati mwa zikope. Zikayera mbee, magazi achepa. Kafukufuku ndatchula uja anapeza kuti ana 63 mwa 100 a miyezi 6 mpaka zaka 5 anali ndi vuto la kuchepa magazi. Malungo, njoka zam'mimba ndi chakudya chosowa ayironi ndiwo amachititsa kawirikawiri. Mwana wochepa magazi amatopa msanga, ndipo ife timamutcha waulesi.

Kumbali inayo, m'tauni muno ana onenepa mopitirira ayamba kuoneka, ndipo ena amakhala aafupi komanso onenepa nthawi imodzi, chifukwa mimba imadzaza ndi zotsekemera ndi zamafuta koma zomanga thupi mulibe. Mwana wotere musamumane chakudya kapena kumunyoza pamaso pa anzake. Sinthani zimene akudya, muchulukitse kusewera, msinkhu udzalipeza thupilo.

Chachitatu, mupatseni mbale yakeyake

Ili ndi langizo losafuna ndalama, koma ndi limene limasintha zinthu msanga. Mwana wa zaka 3 amadya pang'onopang'ono, amaopa nsima yotentha, amacheuka nkhuku ikadutsa. Mukamuika pa mbale imodzi ndi akuluakulu ake, pamene iye akupoletsa mbamu yachiwiri ndiwo zatha kale, watsala ndi msuzi. Kudyera pamodzi ndi mwambo wabwino, ndipo akhale nawo pamphasa yomweyo, koma nsima ndi ndiwo zake zikhale m'kambale kake. Mukatero mudzadziwa ndi maso anu kuti wadya zochuluka bwanji.

Mimba yake ndi yaing'ono, sangadye zokwanira tsiku lonse pa maulendo awiri. Adye katatu, ndipo pakati pake alandire kachakudya kawiri: m'mawa cha m'ma 10 koloko ndi masana dzuwa litapendeka. Asapite ku mkombaphala ndi mimba yopanda kanthu podalira phala la kumeneko. Masiku ena ufa umatithera, ndipo ngakhale ulipo, phala limapsa ana atafooka kale.

Abambo, pano ndiyankhule nanu mwaulemu. M'makomo ambiri chiwalo chabwino cha nkhuku, dzira ndi mutu wa nsomba zimapita m'mbale yanu, ndipo mayi sangazichotse okha poopa kuoneka achipongwe. Ndinu amene munganene kuti, "Amayi, dzira ili mupatseni mwanayu." Inu munamaliza kukula. Iye mafupa ndi ubongo zikumangidwa panopa.

Chachinayi, werengani magulu, osati mitanda

Unduna wa Zaumoyo umatiphunzitsa magulu 6 a zakudya: zokhutitsa monga nsima, mpunga, mbatata ndi chinangwa, zanyemba ndi mtedza, zochokera ku nyama monga nsomba, mazira, mkaka ndi ngumbi, ndiwo zamasamba, zipatso, ndi zamafuta. Ambiri timawaloweza ngati nyimbo pa sikelo, tikafika kunyumba n'kuphika nsima ndi masamba otendera madzi okha. Njira imene ndimagwiritsa ntchito ndi iyi: madzulo mwana akagona, pindani zala muwerenge magulu amene alowa m'kamwa mwake tsikulo. Akakhala atatu okha, mawa muwonjezere limodzi. Musafune kufika pa 6 tsiku limodzi ngati m'thumba muli movuta, koma musakhutire ndi awiri.

Ife a ku Zomba tili ndi mwayi umene maboma ena amausirira. Matemba a ku Chilwa amafika m'misika ya Jali, Songani ndi Mpondabwino, ndipo nyanjayo ikaphwa, monga inachitira mu 1995 ndi 2018, usipa ndi bonya za ku nyanja yaikulu zimapezekabe. Tinsomba timeneti tili ndi ubwino woti timadyedwa tathunthu ndi mafupa ndi mutu, kumene kuli zolimbitsa mafupa ndi zowonjezera magazi. Mwana akamavutika ndi minga, kazingani pang'ono pamoto wochepa, musinje mumtondo, musefe, musunge ufawo m'botolo louma lotseka bwino. Supuni imodzi m'phala kapena m'masamba ake ndiye kuti gulu lazanyama lalowa.

Nandolo ndi wathu kuno kummwera. Tili ndi khobwe, nzama, soya ndi mtedza. Bonongwe, chisoso ndi luni zimamera zokha, nkhwani, kholowa ndi chigwada zili kuseri kwa nyumba. Masamba musawaphike mpaka kuda, ndipo muchepetse soda chifukwa amawononga mavitamini ena. Thiranimo nsinjiro kapena kamafuta pang'ono, pakuti vitamini A wa m'masamba amalowa bwino m'thupi pakakhala mafuta. Nthawi ya dzinja masamba akachuluka, futsani mfutso ndipo muumitse pamthunzi, udzakuthandizani mu Okutobala dimba likauma.

Mbatata yofiira mkati, monga Zondeni, Kaphulira ndi Kadyaubwerere, ili ndi vitamini A wambiri, ndipo ana amaikonda chifukwa ndi yotsekemera yokha. Futali wa mbatata imeneyi wothira nsinjiro ndi kadzutsa woposa tiyi ndi mandasi kutalitali. Ngati muli ndi kamalo, pemphani mbewu yake kwa alangizi a zaulimi kapena kwa anansi, mizere iwiri ndi yokwana kuyambira.

Zipatso tsatirani nyengo. Masuku ndi mango chakumapeto kwa chaka, mapeyala ndi magwafa mvula ikamapita kumapeto, malalanje ndi manachesi nyengo yozizira, papaya ndi nthochi pafupifupi chaka chonse. Zipatso za kuphiri zimene anyamata amagulitsa pamsewu wopita ku Ku Chawe ndi zabwino, koma musaganize kuti zokwera mtengo ndizo zopatsa thanzi. Gwafa limodzi la pakhomo lili ndi vitamini C wochuluka kuposa lalanje. Mupatseni chipatso atangodya nyemba kapena masamba, chifukwa vitamini C amathandiza thupi kutenga ayironi. Tiyi amachita zosiyana, amatchinga ayironiyo, ndiye asamwere tiyi pa chakudya.

Tsopano phala, pakuti ndi limene ndimaphika kawirikawiri. Tengani makapu 4 a chimanga chosakonola ndi kapu imodzi ya soya. Soyayo musankhe bwino, mumukazinge mpaka fungo lauwisi lithe, mupete makoko, kenaka mukagayitse pamodzi ndi chimangacho. Ufa umenewu ndi wofanana ndi wa Likuni Phala. Soya akasowa, thirani nsinjiro supuni ziwiri pa kapu ya phala. Mgaiwa umaposa ufa woyera chifukwa pokonola ndi kuviika timataya mtima wa chimanga ndi gaga, mmene muli mafuta ndi zina zofunika. Phala likhale lolimbirako, loti mukapendeketsa supuni silikuyenderera ngati madzi. Phala lamadzimadzi limadzaza mimba, mwana n'kumva njala ola lisanathe. Pomaliza thirani supuni yaing'ono ya mafuta ophikira, kapena musakanize peyala lofinya litapola. Mafuta ogulitsidwa m'mabotolo osindikizidwa amakhala othiridwa vitamini A, ndipo mchere gulani wa ayodini.

Chenjezo pa mtedza ndi chimanga: zachuku, zakuda, zofota ndi zowawa tayani, musaponye m'nsinjiro poopa kuwononga. Chukucho chimatulutsa poizoni amene satha ngakhale mutakazinga, ndipo amawononga chiwindi. Komanso mwana wa zaka 3 angathe kutsamwa ndi mtedza wathunthu, makamaka akamadya akuthamanga. Musinjireni, ndipo adye atakhala pansi.

Chachisanu, yang'anani ndalama ya pageti

Pageti la sukulu zamkaka zambiri pamakhala ogulitsa mafirizi, maswiti, mabisiketi ndi tinthu tamchere tam'mapaketi tosiya zala zofiira. Sindikuwada ogulitsawo, nawonso akusaka ya sopo. Koma mwana akadya zimenezi cha m'ma 11 koloko, nsima yamasana amaikankha, ndipo inu mumati alibe chilakolako cha chakudya. Shugayo amabowolanso mano, ndipo mano a ukhanda akawola mwana amavutika kutafuna, ndiye amayamba kukana chilichonse cholimba.

M'kachikwama kake muikeni nthochi, mbatata yophika, dzira lowiritsa, chigumu kapena chitumbuwa chophika nokha, ndi botolo la madzi abwino. Zakumwa zam'mabotolo ndi majuwisi osungunula zikhale za pa Khirisimasi ndi paukwati. Thobwa ndi wabwino, bola musadzazemo shuga. Alendo ndi amalume amene amabwera ndi maswiti auzeni mwaulemu kuti, "Malume, ulendo wina mudzamutengere mkaka kapena nthochi." Sadzakwiya, amangofuna kuonetsa chikondi. Ndipo mano atsukidwe m'mawa ndi pogona, ndi mankhwala otsukira mano ochepa ngati kanjere ka nandolo, inu mukumuthandiza.

Chachisanu ndi chimodzi, wokana kudya musalimbane naye

Pamsinkhu umenewu ana ambiri amayamba kusankha. Dzulo anadya therere, lero akuti n'loipa. Wanga wachiwiri anakana nyemba miyezi yambiri, ndipo ndinkada nkhawa kwambiri. Chimene chinathandiza ndi kumuikira supuni imodzi yokha pambali pa ndiwo zimene amakonda, osanena kanthu, ine n'kumadya zanga akuona. Chakudya chachilendo mwana angachikane maulendo 10 kapena kuposa asanachilandire, ndiye musagamule pa tsiku lachitatu kuti sadya zimenezi.

Kumutsina mphuno, kumuopseza ndi jakisoni kapena apolisi, kumuthamangitsa ndi supuni pabwalo, zonsezi zimamuphunzitsa kuti nthawi ya chakudya ndi nthawi ya nkhondo. Kumunyengerera ndi switi kuti amalize masamba kumamuuza kuti masamba ndi chilango. Inu sankhani chakudya ndi nthawi yake, iye asankhe kuchuluka kwake. Akati wakhuta, chotsani mbale mwamtendere, koma musamupatse bisiketi pakangopita mphindi zochepa. Mutumeni azithyola nanu nkhwani, azitsuka tomato, azisenda nthochi. Chimene wagwirapo ndi manja ake amafuna kuchilawa.

Koma akakana chakudya chilichonse masiku awiri, kapena kukana kukabwera ndi kutentha thupi, zilonda m'kamwa kapena kutsegula m'mimba, kumeneko si kusankha, wadwala.

Chachisanu ndi chiwiri, mumasuleni asewere

Mu 2019 bungwe la WHO linatulutsa malangizo okhudza ana osakwana zaka 5. Kwa a zaka 3 ndi 4 limati azikhala akuyendayenda ndi kusewera mphindi zosachepera 180 patsiku, ndiwo maola atatu, ndipo mwa zimenezi mphindi 60 zikhale za masewera amphamvu otulutsa thukuta ndi kupumitsa mofulumira. Asakhazikidwe malo amodzi kupitirira ola, ndipo kuonera wailesi yakanema kapena foni kusapitirire ola limodzi patsiku.

Maola atatu akumveka ambiri, koma sachitika nthawi imodzi. Mwana wakumudzi ku Chingale kapena ku Mayaka amene amatsatira amayi ake kudimba, kuthamangitsa mbuzi ndi kukwera chulu amawakwanitsa osadziwa. Nkhawa yanga ili pa ana a m'tauni otsekeredwa mumpanda, a m'nyumba zalendi zopanda bwalo ku Chikanda ndi ku Chinamwali, ndi aja amene amapatsidwa foni kuti asasokoneze. Ilinso pa sukulu zamkaka zimene zimakhazika ana a zaka 3 pabenchi m'mawa wonse kuloweza zilembo, chifukwa makolo timafuna kumva mwana akuyankhula Chingerezi. Mukamasankha sukulu, funsani kuti ana amatuluka panja kangati, ndipo muone ndi maso anu ngati pali bwalo.

Zidole zogula sizofunika. Chipako ndi chibisalirano zimalimbitsa mtima ndi mapapo. Phada ndi jingo zimalimbitsa miyendo ndi mafupa, pakuti fupa limakhwima likamalandira kulemera kwa thupi podumpha. Mpira wachikulunga umaphunzitsa diso kugwirizana ndi phazi, fulaye amaphunzitsa kuzinda ndi kuponya. Kukunkhuniza tayala, kuyenda pa chipika osagwa, kukwawa pansi pa benchi, kuvina nyimbo za kutchalitchi kapena za pawailesi, zonsezi ndi zolimbitsa thupi. Masanje nawo ali ndi ntchito yake: kutola nkhuni, kusinja dothi ndi kuumba ziwiya kumakhwimitsa zala zimene mawa zidzagwire pensulo.

Ana aakazi asewere chimodzimodzi. Ndimamva chisoni kuona kamtsikana ka zaka 5 katabereka mng'ono wake masana onse pamene alongo ake ali pa mpira. Kuthandiza amayi n'kwabwino, koma msana wake ndi wanthete, ndipo nayenso ndi mwana.

Kamodzi pamwezi muyeseni mwamasewera. Wa zaka 3 amatha kudumpha ndi miyendo yonse iwiri pamodzi ndi kukwera masitepe. Wa zaka 4 amadumpha ndi mwendo umodzi ndipo amawakha mpira waukulu. Wa zaka 5 amaima ndi mwendo umodzi inu mukuwerenga mpaka 10. Akachedwerako pang'ono, sewerani naye kawirikawiri. Koma akamagwa pafupipafupi, akamatsimphina, akamalephera kudzuka pansi osagwira mawondo, kapena akasiya kuchita zimene ankatha kale, kamuonetseni kwa adokotala.

Loweruka lina muyende naye wapansi. Zomba ndi wa zitunda, ndipo kukwera kamtunda kopita ku Botanic Gardens kapena kungozungulira mudzi ndi abambo ake n'kokwanira. Musamunyamule akangodandaula koyamba, pumani pamthunzi, amwe madzi, mupitirize. Samalani ndi mitsinje: Likangala ndi Mulunguzi zimadzaza mwadzidzidzi mvula ikagwa kuphiri, ndipo madzi odikha a m'minda ya mpunga ndi m'mbali mwa Chilwa ndiwo amafalitsa likodzo. Mukaona magazi m'mkodzo wake, musati n'kukula, ndi matenda ndipo mankhwala ake alipo. Ngati bwalo lanu ndi laling'ono, gwirizanani ndi anansi kuti ana azisewera pamodzi wamkulu mmodzi akuwayang'anira mosinthana. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Chachisanu ndi chitatu, tsekani mipata imene chakudya chimathawira

Mukhoza kudyetsa bwino koma thupi osagwira ngati matenda akubwerezabwereza. Mwana wa zaka 3 kapena 4 amafunika kugona maola 10 mpaka 13 pa tsiku lonse, kuphatikizapo tulo tamasana, ndipo azigona m'neti usiku uliwonse, ngakhale khanda litatenga malo pafupi ndi amayi. Kusikelo amalandira vitamini A ndi mankhwala a njoka zam'mimba miyezi 6 iliyonse, onani m'buku kuti analandira liti komaliza. Avale nsapato kapena masilipasi popita kuchimbudzi, pakuti njoka zina zimalowera kumapazi. Mpondagiya ndi sopo zikhale pafupi ndi chimbudzi, pa msinkhu woti iye afikire, ndipo madzi akumwa muwiritse kapena muthire klorini, makamaka nthawi ya mvula.

Akatsegula m'mimba, mupatseni Thanzi ORS pafupipafupi ndi mapiritsi a zinki masiku onse amene achipatala akuuzani, ndipo musasiye kumudyetsa poganiza kuti m'mimba mupume. Thupi likatentha, akayezedwe malungo tsiku lomwelo. Akakomoka, akamasanza chilichonse, akalephera kumwa, kapena akamapuma mobanika, nyamukani ngakhale usiku.

Akachira, ntchito ikadalipo. Matenda amadya mnofu, ndipo mwana amene wadwala sabata imodzi amakhala atabwerera m'mbuyo ngakhale akuseka ndi kuthamanga. Muwonjezereni chakudya chimodzi patsiku kwa masabata awiri, monga phala lansinjiro madzulo kapena dzira ndi mbatata, kenaka mupite naye kusikelo mukaone ngati kadontho kabwerera pamzere wake wakale.